Yankho kwa malume: nduna ya ku China ija

Eee, malume, mwaswera bwanji? Ndamva funso lanu lija, loti kodi nduna ya ku China imene amati inalemera kuposa mfumu yake inalikodi, kapena ndi nthano chabe. Inaliko ndithu. Dzina lake Heshen, wobadwa mu 1750, nthawi ya ufumu wa Qing.

Poyamba anali mmodzi mwa asilikali olondera kunyumba ya mfumu ku Beijing. Cha mu 1775 Mfumu Qianlong inamuona n'kumukonda, basi. Chaka chotsatira munthu ali kale m'bwalo la alangizi akuluakulu, kenaka akuyang'anira chuma cha boma. Choseketsa n'choti mu 1780 ndi iyeyo amene anatumidwa ku Yunnan kukafufuza bwanamkubwa wina, Li Shiyao, pa mlandu wa katangale, womwewo umene Heshen mwiniyo anadzatchuka nawo!

Nanga ankadya bwanji? Wofuna udindo kapena kukwezedwa ankadzera kwa iye, kangachepe kali m'manja. Akuluakulu a m'zigawo akalakwa ankalipira siliva kuti mlandu uzizire, ndipo silivayo ankadutsa m'manja mwake. Tsono bwanamkubwa siliva akamutenga kuti? Kwa alimi, malume, kwa alimi. Ngakhale anthu wamba atagalukira boma mu 1796, pa nkhondo ija amati White Lotus, akuluakulu a asilikali ogwirizana naye ankangoponya ndalama za nkhondo m'matumba mwawo, nkhondo n'kumangopitirira.

Si kuti anthu sankadziwa, ayi. Koma ukamuneneza kwa ndani? Mwana wake anali atakwatira mwana wamkazi wapamtima wa mfumu. Ndiye kuti iye ndi mfumu anali asewere, mwaona?

Qianlong anatula ufumu kwa mwana wake Jiaqing mu 1796, koma mphamvu anagwirabe yekha. Jiaqing anangoti chete, kudikira. Mkuluyo atamwalira pa 7 February 1799, sabata isanathe Heshen ali m'ndende, milandu 20 pamutu. Chilango chikanakhala chomudula nthulinthuli, koma anamuchepetsera: anamutumizira nsalu yoyera ya silika kuti adzipachike yekha. Anafa pa 22 February.

Za chumacho, ena amati chinakwana ma tael (muyeso wa ku China woyezera siliva) a siliva 800 miliyoni, koma akatswiri a mbiri amati pamenepo anthu anakokomeza. Chinali chambiri ndithu, moti anthu ankati Heshen wagwa, Jiaqing wakhuta. Nyumba yake ikadalipo ku Beijing, masiku ano amaitcha Prince Gong's Mansion, alendo amalipira kukaona.

Iyayi, ndalankhula kwambiri, bando ingandithere. Mupereke moni kwa azakhali.