Kwa mayi amene mwafunsa za mtima wouma popemphera

Mayi, funso lanu ndaliwerenga. Mwati kutchalitchi mumapita ndithu, ku Mvano simujomba, chakhumi mumapereka, koma mukagwada mawu sabwera, Baibulo mukangotsegula ndi tulo, ndiye mwayamba kuopa kuti mwina Mulungu anakutayani. Ena akuuzani kale kuti musale kudya masiku 21, ena akuti mupite kwa mneneri akakumasuleni. Ine ndikuti tadekhani kaye.

Tsegulani 1 Mafumu 19. Eliya anali atangoona moto ukutsika pa phiri la Karimeli pamaso pa aneneri a Baala 450. Koma Yezebeli atangomuopseza, munthu wa Mulungu uja analiyatsa liwiro mpaka ku Beereseba, n'kulowa m'chipululu, n'kukhala pansi pa kamtengo kupempha imfa. Taonani zimene Mulungu anachita. Sanamukalipire, sanamutumenso kukasala. Anamusiya agone, mngelo anamudzutsa kuti adye mkate ndi kumwa madzi, anagonanso, anadzutsidwanso kuti adye. Zokambirana zinabwera pambuyo, ku Horebu, patatha ulendo wa masiku 40.

Ndiye ndikufunseni, mayi: mukugona mokwanira? Mwakhala mukudwazika munthu kunyumba? Nanga ngongole ya banki m'khonde sikukudzutsani pakati pa usiku? Amayi a m'mabungwe a mpingo mumasenza zambiri. Pakati pa sabata kuli msonkhano, kumaliro ophika ndi oimba usiku wonse ndinu, Loweruka kukolopa tchalitchi, Lamulungu kwaya. Thupi likatheratu, mtima nawo umachita dzanzi, ndipo kumuuza munthu wotere kuti asale masabata atatu n'kumuwonjezera katundu. Ndipo ngati si pemphero lokha limene lazilala, ngati chakudya sichikukoma, tulo tasowa, ana ndi anzanu sakukusangalatsaninso kwa masabata angapo, pitani kuchipatala mukafotokoze. Matenda a maganizo amagwira ndi opemphera omwe, ndipo thandizo lake lilipo.

Musamayeze chikhulupiriro chanu ndi misozi kapena kutentha kwa mtima. Makalata a Mayi Teresa a ku Calcutta atasindikizidwa mu 2007, zaka 10 iwo atamwalira, anthu anadabwa kuona kuti kwa zaka pafupifupi 50 ankamva ngati Mulungu ali kutali, komabe tsiku ndi tsiku ankapemphera ndi kusamalira odwala. Amene anatayikadi sadandaula ngati mmene mwadandaulira inumu.

Komatu ndisakunamizeni, nthawi zina kuzilala kumakhala ndi chifukwa chimene mwini wake akuchidziwa. Pa Chivumbulutso 2, mpingo wa ku Efeso unali wolimbikira ntchito, wopirira, wosalola aphunzitsi onyenga, koma Yesu anauuza kuti wataya chikondi chake choyamba. Mankhwala ake anali atatu: ukumbukire pamene wagwera, ulape, uchite ntchito zimene unkachita poyamba. Sanaulamule kuti uyambe wamva kukoma mumtima ayi, anati uchite. Ngati pali munthu amene simulankhulana naye, kaya ndi mlamu, kaya ndi mnzanu wa m'kwaya momwemo, Mateyu 5:23-24 akuti musiye kaye mphatso paguwa mukayanjane naye. Kusunga munthu kukhosi kumaumitsa pemphero kuposa ziwanda zimene anthu amathamangira kutchula.

Poyambiranso musadziikire malonjezo aakulu. Moto ukatsala makala awiri m'phulusa sitiikapo chipika, timayamba ndi titsatsa. Dzukani, foni isayambe kulowa m'manja, werengani salimo limodzi mokweza mawu. Yambani ndi Salimo 13, 42 kapena 51. Salimo 88 ndiye lodabwitsa, limayamba ndi kulira n'kuthera mumdima, popanda ndime yachimwemwe, koma lili m'Baibulo. Ndiye kuti kumuuza Mulungu kuti "Ambuye, mtima wanga wauma, sindikukumvani" ndi pemphero lokwanira. Mawu akakana, imbani nyimbo ya m'buku imene munkaikonda muli m'kalasi, ngakhale ndime imodzi. Maudindo ena kumpingo mutha kupempha kupuma kwa miyezi ingapo. Si kubwerera m'mbuyo kumeneko.

Pezaninso mayi mmodzi wachikulire wosunga chinsinsi, mumuuze zonse, muzipemphera awiri kamodzi pa sabata. Eliya ankadziona ngati watsala yekha, koma Mulungu anamuuza kuti alipo 7,000 amene sanagwadire Baala, n'kumupatsa Elisa woyenda naye.

Za mneneri zija, kupemphereredwa si kolakwika, ndipo abusa anu kapena akulu a mpingo angathe kutero. Koma wina akatchula mtengo wa mafuta, madzi kapena "mbewu" kuti moto ubwerere, sungani ndalama yanu mugulire ana ndiwo. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mzimu ndi ndalama, yankho limene Petro anamupatsa lili pa Machitidwe 8:20, mukadziwerengere nokha.