Musanagule PS4 yogwiritsidwapo kale ntchito, werengani nambala ya CUH

Achimwene, mwafunsa kuti pa ma PS4 (makina amasewera a PlayStation 4 a kampani ya Sony) atatu amene mwaona m'tauni, yonenepa ija, Slim ndi Pro, mutenge iti, poti TV yanu ndi ya mainchesi 32 ndipo ku Mufakose kwanuko ku Harare magetsi akapita mumadalira inverter. Tengani Slim. Koma musadalire dzina limene wogulitsa akutchula. Tembenuzani makinawo, muwerenge nokha nambala ya mtundu wa makinawo, yoyamba ndi CUH, pa kapepala kakumbuyo kapena kapansi, chifukwa yonenepayo payokha ili mitundu itatu.

CUH-1000 ya 2013 ndi CUH-1100 ya 2014 mudzazidziwa ndi mabatani ongokhudza ndi chala komanso chivundikiro chonyezimira cha mbali ya hard drive. Matenda ake odziwika ndi kulavula disk masewera ali mkati. Pansi pa batani lotulutsira disk pali kaphazi ka labala, ndipo kakatupa ndi kutentha kamakhudza batanilo, makina n'kumayesa ngati mwadina ndinu. China chimene ambiri sachidziwa n'chakuti drive ya ma disk pa mitundu iwiriyi ili ndi kabolodi kake kamene kamangomvana ndi bolodi lalikulu limene kanatuluka nalo ku fakitale. Wokonza akasintha drive yonse osabwezeretsa kabolodi kakaleko, masewera a pa disk sayamba, ndipo update imakana n'kuonetsa nambala ya vuto ya SU-42118-6. Makina osinthidwa drive mwa njira imeneyi musawagule ngakhale atakutsitsirani mtengo chotani. CUH-1200 ya 2015 ndiye yabwinoko pa zonenepazi: mabatani ake ndi odina enieni, pamwamba ponse sipanyezimira, imalemera makilogalamu 2.5 m'malo mwa 2.8, ndipo imadya magetsi ochepa kuposa akulu akewo.

Slim inatuluka mu September 2016. Masewera amayenda chimodzimodzi ndi pa yonenepa, kusiyana kuli pa magetsi ndi kutentha, chifukwa chip chake anachichepetsa kuchoka pa 28nm kufika pa 16nm. Sony imati CUH-1000 ndi ya 250W, Slim ya 165W, ndipo posewera yakaleyo imakoka pafupifupi 140W pamene Slim ili cha m'ma 80W. Tawerengani ndi batire ya 12V 100Ah, imene imasunga 1200Wh. Ngati si ya lithium simuyenera kuikhetsa kupitirira theka, ndiye mwatsala ndi 600Wh. Tiyerekeze kuti TV ikudya 50W. Ndi Slim mwafika 130W, amenewo ndi maola anayi ndi kanthu. Ndi CUH-1000 mwafika 190W, maola atatu okha, tisanachotse zimene inverter imadya yokha. Slim ilinso ndi Wi-Fi ya 5GHz imene zonenepa zonse zilibe. Chimene inataya ndi doko la optical, ndiye ngati home theatre yanu imalandira mawu kudzera pamenepo, onani ngati TV ili nalo dokolo. Pakati pa CUH-2000, 2100 ndi 2200 musataye nthawi, sankhani yosamalika.

Pro ndi yamphamvu ndithu, 4.2 teraflops (muyeso wa mphamvu yojambulira zithunzi za masewera) pamene zinazo zili 1.84, koma mphamvu imeneyo anaipangira TV ya 4K. Pa mainchesi 32 mungolipira zambiri, batire n'kumatha msanga. Mukadzagula TV yaikulu funani CUH-7200 ya 2018, imene siliza fani ngati 7000 ndi 7100. Kuizindikira n'kosavuta: chingwe chake cha magetsi ndi chaching'ono chija chooneka ngati nambala 8, pamene ziwiri zoyambazo zimalowa chingwe chachikulu ngati cha kompyuta ya pa desiki.

Chilembo chakumapeto chimanena kukula kwa hard drive, A ndi 500GB, B ndi 1TB. Pa 1200, Slim ndi Pro, nambala yothera 15 inapangidwira ku America, yothera 16 ku Ulaya ndi kuno kwathu. Zonse zimalandira 100 mpaka 240V, choncho transformer siifunika. Masewera a pa disk sasankha dziko, koma DLC (zowonjezera za masewera zotsitsa pa intaneti) imafuna kuti akaunti ndi disk zikhale za chigawo chimodzi, ndipo poti ambiri kuno timatsegula maakaunti a ku South Africa, ma disk ochokera ku Johannesburg ndiwo amagwirizana nawo.

Ndalama musapereke makina asanayake pamaso panu. Lowetsani disk, musewere mphindi 20 mukumvetsera fani. Gwedezani pang'ono chingwe cha HDMI pa doko lake. Chithunzi chikathima kapena kuthwanima, dokolo lagwedera, ndipo kulisintha kumafuna munthu wodziwa kuwotcherera ndi mpweya wotentha. Onani timapepala totseka zomangira kumbuyo kuti mudziwe ngati inatsegulidwapo, ndipo mufunse chimene anakonza. Lowani pa PSN (netiweki ya pa intaneti ya PlayStation) ndi akaunti yanu kudzera pa hotspot ya foni, chifukwa makina oletsedwa ndi Sony salowanso pa PSN. Masewera amene "abwera nayo" ali pa akaunti ya mwini wakale, tsiku lililonse akhoza kutsekeka, musawawerengere pa mtengo. Nunkhizaninso kumbuyo kotulukira mpweya. Mphemvu zimakonda kufunda kwa mu power supply, ndipo zikadutsa pa bolodi zimaiwotcha.

Mukafika nayo kunyumba, musamaisiye pa rest mode, muziizimitsiratu. Magetsi akadukira pakati hard drive ikulemba, mafayilo amasokonekera. Zikachitika, makina ali ozima, gwirani batani loyatsira mpaka kulira kachiwiri, pafupifupi masekondi 7, lumikizani controller ndi chingwe cha USB, musankhe Rebuild Database. Masewera ndi ma save sizifufutika. Fumbi la mphepo ya August likadutsa, tsegulani chivundikiro cha pamwamba pa Slim, chimene chimangokokedwa ndi manja popanda kumasula chomangira, mupukute fani ndi kaburashi kofewa mutaigwira ndi chala kuti isazungulire. Hard drive ikatopa, iliyonse ya laputopu ya SATA, mainchesi 2.5, yosapitirira 9.5mm kuchindikala, imalowa, ngakhale SSD.