Tifunseni: vidiyo ikamathamanga kuposa makutu

Makalata a mwezi uno achokera ku Zomba, ndipo onse akumana pa batani limodzi lomwe ambiri sadziwa n'komwe kuti lilipo, lochepetsera kapena kuwonjezera liwiro la vidiyo.

FUNSO: Bambo anga ndi mphunzitsi wopuma ndipo makutu awo ayamba kulemera. Amakonda nkhani ndi maulaliki a Chingerezi pa YouTube, koma mawu olembedwa m'munsi aja amachoka iwo asanamalize kuwerenga. Ndiwathandize bwanji? Ndine mayi wa ku Matawale.

YANKHO: Amayi, thandizo lake lili m'foni momwemo ndipo n'laulere. Vidiyo ili mkati, gogodani kamodzi pa sikirini. Pakona yakumtunda kudzanja lamanja patuluka kachizindikiro kooneka ngati kagudumu ka manomano. Dinani pamenepo, musankhe palembedwa Playback speed. Manambala ake amayambira 0.25 kulekeza 2, ndipo 1 ndiye liwiro la masiku onse. Kwa bambowo yambani ndi 0.75. Ulaliki wa ola limodzi uwatengera mphindi 80, koma mzere uliwonse ukhalitsa pa sikirini mokwanira kuti aumalize. Ngati YouTube ya m'foniyo ndi yatsopano, mupezanso kamzere kokoka komwe kamasuntha ndi 0.05, ndiye mukhoza kuwaikira 0.85 kapena 0.9.

Musatsikire pa 0.5 poganiza kuti kuchedwetsa kwambiri ndiye kuthandiza kwambiri. Bambowo akukumbukira kaseti: mabatire akafooka, woimba ankasanduka wa mawu a besi okokakoka. Foni sichita choncho. Imadula mawu m'tizidutswa tosakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, n'kumatibwereza molumikiza kuti mawu atalike koma asasinthe kukwera kwake. Pa 0.75 zolumikizazo sizimveka. Pa 0.5 zimachuluka, mlaliki n'kumamveka ngati akuyankhulira m'diramu lopanda madzi, ndipo malembo ngati s ndi f, omwe khutu la munthu wachikulire limayamba kutaya, ndi amene amasungunuka poyamba.

Pali zina ziwiri zoti muwakonzere tsiku lomwelo. Mu Settings ya foni ya Android, pansi pa Accessibility, muli posinthira kukula kwa mawu olembedwawo, akulitseni. Momwemo mulinso Mono audio, yomwe imatumiza mawu onse m'mahedifoni onse awiri, yofunika kwambiri ngati khutu limodzi likumva bwino kuposa linzake. Muwaphunzitsenso kugogoda kawiri mofulumira kumanzere kwa sikirini, komwe kumabweza vidiyo ndi masekondi 10.

Dziwaninso kuti mawu ambiri a m'munsi pa YouTube amalembedwa ndi makina, ndipo makinawo amapunthwa pa mayina ngati Chinamwali kapena Namadidi ndi pa Chingerezi cha kuno kwathu. Kuchedwetsa sikukonza zolakwikazo chifukwa zinalembedwa kale. Ndipo kwaya ikadzamveka yolefuka pa vidiyo yotsatira, foni sinawonongeke; ingobwezani liwiro pa 1. Pomaliza, apite nawo kuchipatala akawaunike makutuwo, chifukwa nthawi zina mumangokhala motsekeka.

FUNSO: Ndimaonera maphunziro pa liwiro la 2 kuti bandulo isathe msanga. Koma ikuthabe chimodzimodzi, ndiponso vidiyo ikumangoima, kamkombero kaja n'kumazungulira. Chalakwika n'chiyani? Ndine wophunzira wa ku University of Malawi, ndimakhala ku Chikanda.

YANKHO: Achimwene, liwiro limapulumutsa nthawi, osati bandulo. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 ndi lomwelo, kaya wakabaza achoka nalo pamsika wa Zomba mothamanga kaya mwapang'onopang'ono. Phunziro la ola limodzi lili ndi kulemera kwake, ndipo foni iyenera kulikoka lonse. Pa 1.25 mulimaliza m'mphindi 48, pa 1.5 m'mphindi 40, pa 2 m'mphindi 30, koma ma MB ake sanachepe ngakhale imodzi. Choipa chake n'chakuti usiku umodzi mumamaliza mavidiyo anayi m'malo mwa awiri, bandulo n'kutha tsiku lomwelo.

Kamkomberoko kakuchokera pomwepo. Eni ake a YouTube amanena kuti vidiyo ya 360p (nambalayi ikamakwera, chithunzi chimaoneka bwino kwambiri) imafuna netiweki ya 0.7 Mbps (muyeso wa kuthamanga kwa netiweki), ya 480p imafuna 1.1, ya 720p imafuna 2.5, ndipo ya 1080p imafuna 5. Amenewo ndi manambala a liwiro la 1. Mukaika pa 2, sekondi iliyonse foni ikudya zithunzi za masekondi awiri, choncho chulukitsani kawiri: 720p ikufuna 5 Mbps yosadukiza. Madzulo, anthu onse a m'hositelo ali pa intaneti, kawirikawiri netiweki sifika pamenepo. Foni imadya zomwe inasungira patsogolo, zikatha imaima kudikira.

Chochita ndi ichi. Pa kagudumu komwe kaja sankhani Quality, kenako Advanced, muike 360p kapena 480p ndi dzanja lanu, musaisiye pa Auto. Ngati mphunzitsi akungoyankhula, 240p ikukwana. Ngati akulemba pabolodi kapena kuonetsa timalemba ting'onoting'ono, musatsike pansi pa 480p, chifukwa 3 ndi 8 ayamba kufanana. Apa ndiye pali populumutsira bandulo. Manambala a Netflix akuonetsa kukula kwa kusiyanako: ola limodzi la filimu limadya pafupifupi 0.3 GB pa chithunzi chotsika, 0.7 GB pa chapakati, ndipo limafika 3 GB pa HD.

Njira yabwino koposa ndi kupanga dawunilodi mukakhala pa Wi-Fi kapena pa bandulo ya usiku, n'kudzaonera vidiyo ili kale m'foni. Maphunziro omwe mwalandira pa WhatsApp kapena pa fulashi atsegulireni mu VLC, pulogalamu yaulere yomwe imachedwetsa ndi kufulumizitsa vidiyo popanda intaneti. Ikamadukizabe pamenepo, vuto ndi foni: vidiyo ya zithunzi 30 pa sekondi imasanduka ya zithunzi 60 mukaiika pa 2, ndipo foni yakale imatentha n'kuyamba kudumpha zina. Tsitsani pa 1.5.

Tinenepo ndi za maphunzirowo, ngakhale simunafunse. Liwiro la 2 n'lobwerezera zomwe mukuzidziwa kale, mayeso atayandikira. Mutu watsopano ife timalangiza 1.25, ndipo masamu aliwonse ochitidwa pabolodi azikhala pa 1, chala chili pafupi ndi poimitsira. Dziyeseni motere: pakatha mphindi 10 imitsani, mutembenuze foni, munene mokweza mfundo zitatu zomwe mwamva. Zikakanika kutuluka, liwirolo lakula.

FUNSO: Ine sindiona. Ndimamvera mafilimu pa Netflix ndi mawu ofotokoza zomwe zikuchitika, ndipo ndinazolowera kumva mofulumira. Ndikaika 1.5, filimu yotsatira imabwerera pa 1. Mnzanga wina akuti kufulumizitsa filimu n'kunyoza amene anaipanga. N'zoona? Ndine bambo wa ku Domasi.

YANKHO: Bambo, foni yanu ili bwinobwino. Netflix inakonza dala kuti filimu iliyonse yatsopano iziyambira pa 1, ndipo malire ake ndi ochepa kuposa a YouTube: 0.5, 0.75, 1, 1.25 ndi 1.5 basi. Pomwe kampaniyi inkayesa batanili mu 2019, opanga mafilimu ena a ku Hollywood anakana poyera, ponena kuti liwiro la filimu ndi mbali ya luso lawo. Mu Ogasiti 2020 linatulukabe pa mafoni a Android, ndipo mabungwe awiri a ku America, National Association of the Deaf ndi National Federation of the Blind, analilandira bwino. Osamva ankafuna kuchedwetsa kuti awerenge, osaona ankafuna kufulumizitsa pa chifukwa chomwe mwatchulachi.

Mnzanuyo ali ndi mfundo pa nyimbo ndi pa nthabwala, pomwe kakhalidwe ka chete kamphindi ndi komwe kamaseketsa. Koma ife tili mbali yanu. Wopanga filimu anayeza liwiro lake ndi maso oona ndi makutu akumva. Munthu amene akulandira nkhani yonse kudzera m'khutu, kapena yonse kudzera m'malemba, ndiye akudziwa liwiro lomwe nkhaniyo ikumufikira, ndipo palibe chamanyazi posankha yekha.

Ndi TalkBack, pulogalamu ya Android yowerengera osaona zomwe zili pa sikirini, yambani mwaimitsa filimu, chifukwa mabatani amabisala pakapita masekondi ochepa ikamayenda. Kenako seretsani chala kumanja mpaka mutamva liwu lakuti Speed, mugogode kawiri. Mawu ofotokoza aja amalowetsedwa m'mipata ya pakati pa zokambirana, ndipo wofotokozayo amakhala akuthamanga kale. Akayamba kuphatikizana ndi ochita sewero pa 1.5, bwererani pa 1.25. Liwiro la TalkBack mwiniwake ndi lapadera, lili mu Accessibility pa Text-to-speech, ndipo silikhudza filimu. Pa ma TV ambiri Netflix ilibe batanili, ndiye khalani pa foni kapena laputopu. Pa Spotify mapologalamu oyankhula amayenda kuyambira 0.5 mpaka 3.5.

Chomwe chimatidandaulitsa ndi mauthenga a mawu a pa WhatsApp. Kuyambira 2021 mukhoza kuwaika pa 1.5 kapena 2, koma pochedwetsera palibe, pomwe ndi m'menemo momwe zidziwitso za maliro, za mpingo ndi za mabanki m'khonde zimadutsa. Amene akuvutika kumva atumize uthengawo ku VLC podina Share, akaumvere pa 0.75.

FUNSO: Ndikuphunzira chinenero chamanja kuti ndizicheza ndi mdzukulu wanga wosamva, koma manja a m'vidiyo ndi ofulumira. Nanga mapemphero oonetsedwa nthawi yomweyo ndingawachedwetse? Ndine gogo wa ku Songani.

YANKHO: Agogo, pa chinenero chamanja ndi pomwe 0.5 imagwira bwino, chifukwa mawu a diramu aja sakukukhudzani. Onerani chizindikiro kawiri pa 0.5, muchite ndi manja anu, kenako muchionenso pa 1 kuti mugwire kayendedwe kake kenikeni pamodzi ndi nkhope, poti nkhopenso imayankhula. Pa laputopu, mukaimitsa vidiyo ya YouTube, batani la mpumiro limasuntha chithunzi chimodzi kutsogolo ndipo la mpatuliro chimodzi kumbuyo, mpaka muone bwino pomwe chala chachikulu chakhala. Funani mavidiyo a chinenero chamanja cha ku Malawi. Cha ku America ndi cha ku Britain ndi zinenero zina, mdzukuluyo mwina sangakumveni.

Zoonetsedwa nthawi yomweyo zimatengera oulutsawo. Pa YouTube, ngati analola kubweza m'mbuyo, mukhoza kuchedwetsa, kungoti muzitsalira m'mbuyo mwa mpingo ndi mphindi 15 pa ola lililonse mukakhala pa 0.75. Ngati sanalole, dikirani mapempherowo athe. Kawirikawiri amawasiya pomwepo, ndipo batani la liwiro limagwira ntchito monga pa vidiyo ina iliyonse.