Funso la achimwene aku Katete landigwira pachilonda

Achimwene ena aku Katete anditumizira imelo. Ali ndi laputopu imodzi yokha ya Windows, ndipo akufunsa ngati virtual machine, kompyuta yongoyerekeza yoyenda mkati mwa kompyuta yeniyeni, ingawathandize kuona mmene webusaiti yawo ikuonekera pa makina a anthu ena. Achimwene, mwandikumbutsa zowawa.

Chaka china ndinapangira webusaiti mayi wina wa malo ogona alendo kuno ku Chipata. Tinkathamangira mwambo wa Angoni wa Nc'wala, poti kumapeto kwa February anthu opita ku Mtenguleni amasakasaka zipinda m'tauni muno. Pa laputopu yanga, mu Chrome, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti, zonse zinali myaa. Ndinatsegulanso mu Edge, n'kudziuza kuti ndayesa kawiri. Sindinkadziwa kuti awiriwa ndi a bere limodzi, onse amachokera ku Chromium, choncho chimene wina wakubisira mnzakenso akubisira. Patatha sabata mayi aja anandiimbira: "Mwanawe, anthu akuti akadina posungitsa chipinda palibe chikuchitika." Ambiri ankalowa ndi Opera Mini pa timafoni ta itel ndi Tecno. Opera Mini imayamba yafinya tsamba pa maseva ake kuti bandulo isathe msanga, ndiye JavaScript yambiri, malangizo oyendetsa mabatani ndi mafomu a tsamba, imafera panjira. Fomu yanga inkadalira yomweyo. Zipinda zina zinagona zopanda munthu, mayi aja atagula kale zofunda zatsopano. Mpaka lero ndikadutsa pakhomo pawo mtima umandiwawa.

Ndiye ndinene mosapsatira: woyesa webusaiti pa kompyuta yake yokha sanayese kanthu. Ndipo zimandipweteka kuona anyamata athu akukometsera masamba anthu a London, pomwe kasitomala wawo ali ku Lundazi, netiweki ikubwera n'kuthawa. Tsamba lolemera ndi zithunzi ndi msonkho kwa mlimi amene wagula bandulo ya tsiku limodzi.

Za malaiti nazonso. Mu 2024, madzi atatsika ku Kariba malaiti n'kumathimathima, ndinaphunzira kuti virtual machine imamwa batire ngati ludzu la October. Ngakhale kukopera Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, fayilo yoposa 5 GB, ndinkadikira bandulo ya usiku, maso ali psuu.

Nanga muchite chiyani?

Inde, virtual machine ikuthandizani. Ili ngati kompyuta ina yokhala lendi mkati mwa yanuyo. Tengani VirtualBox, pulogalamu yopangira virtual machine, ndi yaulere. Laputopu ikhale ndi RAM yosachepera 8 GB, mlendoyo mumugawire theka, ndipo akakana kuyaka lowani mu BIOS, makonzedwe a laputopu olowamo ikamayaka, muyatse VT-x kapena AMD-V, zimene zimalola virtual machine kuyenda. Ikanimo Ubuntu ndi Firefox, amene injini yake si Chromium koma ina, Gecko. Muona zilembo zikusintha, mizere ina ikuduka pomwe simunayembekezere. Mukangomaliza kuika, tengani snapshot, kusunga mmene zonse zilili panthawiyo, kuti zikasokonekera mubwerere pomwepo. Internet Explorer isakudyereni nthawi, Microsoft inaipumitsa mu June 2022.

Safari, yotsegulira mawebusaiti ya Apple, ndiye ayi. Malamulo a Apple amalola macOS pa makina awo okha, choncho bwerekani iPhone kwa mnzanu kwa mphindi 10. Mukatero pitani pamsika pa Katete pomwepo, mupemphe amayi ogulitsa tomato akutsegulireni tsambalo pa foni yawo, bandulo muwagulire ndinu, inu mungoyang'ana pomwe chala chawo chikukakamira.