Chifukwa chake NATO sinatumize sitima zankhondo ku Odesa

Achimwene, mwafunsa kuti popeza mayiko a NATO ali ndi sitima zankhondo zochuluka, analekeranji kuperekeza sitima za tirigu kuchoka ku Odesa pamene Russia inatseka madoko a Ukraine mu 2022. Yankho lili ku Turkey, ndipo nkhani yake inayamba kale.

Black Sea, nyanja imene doko la Odesa lili m'mbali mwake, ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira kunyanja zazikulu. Sitima imadutsa pa mpata wa Bosphorus mkati mwa mzinda wa Istanbul ku Turkey, pomwe malo ena ndi opapatiza mamita pafupifupi 700, kenako pa Dardanelles. Mu 1914 boma la Ottoman, lomwe linkalamulira Turkey panthawiyo, linatseka khomoli, tirigu wa Russia n'kusowa potulukira. Pa 18 Malichi 1915 Britain ndi France anayesa kulitsegula ndi mphamvu, koma mabomba otcheredwa m'madzi anamiza sitima zikuluzikulu zitatu tsiku limodzi: Bouvet, Irresistible ndi Ocean. Asilikali amene anatsitsidwa ku Gallipoli, m'mbali mwa Dardanelles, pambuyo pake nawonso analephera.

Lamulo lomwe likugwira ntchito lero ndi pangano la Montreux la 1936. Sitima zamalonda zimadutsa momasuka. Zankhondo za mayiko osakhala m'mbali mwa nyanjayi siziloledwa kukhalamo kupyola masiku 21, ndipo kulemera kwa zonse pamodzi kusapitirire matani 30,000, kapena 45,000 ngati dziko lamphamvu kwambiri la m'mbali mwa nyanjayi lawonjezera sitima zake zankhondo. Kukabuka nkhondo yomwe Turkey sikumenya nawo, sitima zankhondo za mayiko omenyanawo sizidutsa, kupatula zobwerera kudoko lakwawo. Kumapeto kwa Febuluwale 2022 Turkey inagwiritsa ntchito ndime imeneyi, n'kupemphanso mayiko ena onse kuti asayese kulowetsa zawo. Ngakhale sitima ziwiri zochotsa mabomba zimene Britain inapatsa Ukraine zinakanizidwa mu Januwale 2024.

Chimene ambiri sachiona n'chakuti kutsekako kunapweteka kwambiri Russia. Ukraine itamiza sitima yaikulu yankhondo ya Russia ya Moskva mu Epulo 2022 ndi mizinga ya Neptune, Russia sinathe kubweretsa ina yolowa m'malo kuchokera ku Baltic kapena kumpoto. Iliyonse yomira inali yopita basi. Mabwato opanda munthu onyamula mabomba atayamba kuvutitsa ku Sevastopol, doko la ku Crimea lomwe sitima zankhondo za Russia zinkakhala, Russia inasamutsira sitima zambiri kudoko lake la Novorossiysk.

Tirigu anatuluka kudzera m'zokambirana. Mgwirizano wa pa 22 Julayi 2022, womwe Turkey ndi United Nations anali amkhalapakati, unatsegula madoko a Odesa, Chornomorsk ndi Pivdennyi, ndipo matani pafupifupi 33 miliyoni a chimanga, tirigu ndi zina anatuluka. Vuto linali loti sitima iliyonse inkayenera kufufuzidwa ku Istanbul, ndiye mbali imodzi ikachedwetsa, mzere unkatalika, mtengo wa ulendo n'kukwera. Russia inatulukamo pa 17 Julayi 2023, ikudandaula kuti banki yake ya zaulimi, Rosselkhozbank, sinabwezeretsedwe pa SWIFT, njira imene mabanki a m'mayiko osiyanasiyana amalumikizirana potumiza ndalama, komanso paipi ya amoniya yochokera ku Togliatti ku Russia kupita ku Odesa sinatsegulidwe. Ukraine inangotsegula njira yakeyake yotsata gombe la Romania ndi Bulgaria, ndipo eni sitima anabwerera pamene mtengo wa inshuwalansi unatsika. Ine ndimaona kuti njira imeneyi inali yanzeru kuposa kuperekeza ndi sitima za NATO, chifukwa mzinga umodzi wosokera ukanakokera mayiko onsewo m'nkhondo.

Za amoniyazi zimatikhudza ife alimi. Yuriya amapangidwa kuchokera ku amoniya, amoniyayo kuchokera ku gasi, choncho gasi atakwera mtengo ku Ulaya mafakitale ambiri anachepetsa ntchito, thumba la feteleza n'kudula mpaka kuno kumudzi. Matani 20,000 amene kampani ya ku Russia ya Uralchem inapereka ku Malawi mu 2023 anali atatsekeredwa ku Netherlands chifukwa cha zilango za zachuma, ndipo bungwe la WFP ndi limene linakonza sitima yowabweretsa kudzera ku Mozambique.