Kwa achimwene a ku Joni: ndalamazo musayambe n'kugulira mankhwala

Achimwene, funso lanu taliona. Mwati kumudzi kwanu chipatala chili pa mtunda wa makilomita oposa 15, dzinja mtsinje ukadzaza galimoto siwoloka, ndipo kuli achinyamata odzipereka amene akufuna kumathandiza odwala. Inu a ku Joni mukufuna kusonkha ndalama, mugule mankhwala muwatumizire, ndiye mukufunsa kuti mugule mankhwala anji.

Musakhumudwe nafe, koma mankhwalawo musagule. Mwana akatentha thupi, atha kukhala malungo, chibayo, matenda a m'khutu kapena oumitsa khosi, ndipo tsiku loyamba zonsezi zimaoneka chimodzimodzi. Mnyamata amene ali ndi mankhwala a malungo a LA m'nyumba koma alibe choyezera magazi apereka LA kwa aliyense wotentha thupi. Mwana wa chibayo amwa LA masiku atatu, makolo ali phee poganiza kuti ali pa mankhwala, n'kudzafika kuchipatala mpweya utamuthera. Za jakisoni ndiye tisanene n'komwe. Komanso malamulo salola munthu wamba kusunga ndi kugawa mankhwala otere. Mankhwala olowa m'dziko amayang'aniridwa ndi bungwe la PMRA, ndipo wochiza anthu amayenera kukhala m'kaundula wa Medical Council of Malawi kapena Nurses and Midwives Council of Malawi. Wina akadzamwalira, amene adzayankhe kupolisi ndi mnyamata uja, inu muli ku Joni.

Munthu woyamba kumufunafuna ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu, a HSA. Kuyambira 2008 boma lakhala likutsegula makiliniki a m'midzi m'madera ovuta kufikako, poyamba amene ali kutali ndi chipatala kuposa makilomita 8, ndiye kwanuko mukuyenera. Pa kilinikiyi HSA wophunzitsidwa amathandiza ana a miyezi iwiri mpaka osakwana zaka zisanu: amayeza malungo pobaya chala n'kupereka LA, amapereka amoxicillin kwa wopuma mofulumira, Thanzi ndi zinki kwa wotsegula m'mimba, ndi mankhwala a maso. Zonsezi n'zaulere, zimachokera kuchipatala cha boma. M'madera ambiri bokosi la mankhwala limakhala ndi maloko awiri, kiyi wina kwa HSA, wina kwa membala wa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, kuti pasakhale wotsegula yekha.

Nanga bwanji midzi yambiri sikuona phindu lake? Ndondomeko ya boma ya 2017 mpaka 2022 inkafuna HSA mmodzi pa anthu 1,000, koma ambiri amatumikira ochuluka kuposa pamenepo. Vuto lalikulu ndi lakuti ambiri sagona m'dera lawo chifukwa kulibe nyumba. Amakhala pa tireding'i senta, n'kumabwera pa njinga kawiri pa mlungu, pomwe mwana amadwala usiku wa Loweruka mvula ili pakati. Ndalama za ku Joni zingagwire ntchito yooneka apa: nyumba ya HSA yokhala ndi chipinda cha kiliniki, khonde lodikirira, chimbudzi ndi kasola kounikira ndi kutchajira foni. Mudzi ututa mchenga, miyala ndi madzi, inu mugule simenti, malata ndi zitseko.

Koma musakumbe maziko musanalankhule ndi eni ake. Nkhani iyambire kwa amfumu, ipite ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC), kenako kwa mkulu wa chipatala chanu chaching'ono ndi amene amayang'anira ma HSA kumeneko, mpaka kwa a DHO, akulu a zaumoyo m'boma lanu, ku khonsolo. Akupatseni kalata yonena kuti HSA wophunzira za kiliniki ya m'mudzi adzakhala pamenepo ndipo mankhwala azidzabwera. Zilipo nyumba zomangidwa ndi anthu akufuna kwabwino zimene lero mukugona mileme chifukwa omangawo anadumpha sitepe imeneyi. Mufunsenso za njerwa, poti kuyambira 2018 malamulo amaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma.

Tsopano achinyamata aja. Ntchito yawo ndi kuona msanga amene akudwala ndi kumufikitsa kumene kuli thandizo. Aliyense akhale ndi makomo 10 mpaka 15, osapitirira apo. Asankhidwe pabwalo la amfumu, osati ndi inu otumiza ndalama, ndipo pakhale amayi achikulire, chifukwa mayi woyembekezera sangauze mnyamata wa zaka 19 kuti akutaya magazi. Awaphunzitse ndi a HSA ndi anamwino a kuchipatala chanu.

Choyamba kudziwa ndi zizindikiro zoopsa. Mwana amene akukanika kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena wachita linjirinjiri, wafooka osadzuka, kapena pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya, ameneyo ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale 2 koloko usiku. Khanda losakwana miyezi iwiri likangotentha thupi, kuzizira kapena kusiya kuyamwa, nalonso ndi la kuchipatala, kiliniki ya m'mudzi siithandiza msinkhu umenewu. Kumene a HSA ali ndi mankhwala a artesunate olowetsa kumbuyo, amamuika mwana wa malungo aakulu asananyamuke. Mankhwala amenewa ndi ongomusunga panjira. Makolo ena mwana akatsitsimuka amabwerera kunyumba, ndipo malungowo amabweranso mwamphamvu.

Kuwerenga mpweya kumafuna wotchi kapena foni basi. Mwana akhale phee, asakulira kapena kuyamwa, mumuvundukule pachifuwa, muwerenge mphindi yathunthu. Wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50 kapena kuposa, akupuma mofulumira. Wa chaka chimodzi mpaka zisanu malire ndi 40, khanda losakwana miyezi iwiri ndi 60. Ambiri amalakwitsa powerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi. Khanda limapuma modukizadukiza, ndiye nambala imatuluka yabodza.

Thanzi ndi paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira Waterguard. Lita imodzi, osati kapu. Wosungunula m'kapu amapanga madzi amchere kwambiri amene amawonjezera vuto. Mwana akasanza, dikirani mphindi 10, muyambirenso pang'onopang'ono ndi sipuni, ndipo otsala atayidwe pakatha maola 24. Zinki ndi wa masiku 10 ngakhale kutsegulako kutasiya tsiku lachitatu: piritsi lathunthu kwa wa miyezi 6 kupita m'tsogolo, theka kwa wocheperapo. Wamkulu kapena mwana akamatsegula zamadzimadzi zoyera ngati madzi otsukira mpunga, ganizani za kolera, ayambe kumwa Thanzi ali panjira, a HSA adziwe tsiku lomwelo. Mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kolera imatha kupha munthu wamphamvu tsiku limodzi lisanathe.

Tepi yoyezera mkono ndi yotchipa koma imagwira ana ambiri onyentchera, makamaka Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zitauma. Imayeza mkono wamanzere pakati pa phewa ndi chigongono, kwa ana a miyezi 6 mpaka zaka zisanu. Pofiira, kuchepera masentimita 11.5, mwana apite kuchipatala. Pachikasu, 11.5 mpaka 12.5, aonedwe ndi a HSA. Dinani mapazi onse awiri kwa masekondi atatu, pakatsala kadzenje ndiye kuti watupa chifukwa cha kunyentchera, ngakhale akuoneka wonenepa. Chiponde akalandira ndi mankhwala a mwana mmodziyo, sichogawana ndi abale ake.

Ntchito ina imene palibe amaitama koma ndi yofunika: kutsatira odwala kunyumba. LA amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, kachiwiri patapita maola 8 kuchokera pa koyamba, ndipo amalowa bwino m'thupi akamwera limodzi ndi bere kapena phala la nsinjiro chifukwa amafuna kamafuta. Mwana wa makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa piritsi limodzi nthawi iliyonse, onse pamodzi 6. Mwana akayamba kusewera tsiku lachiwiri, amayi ambiri amasunga otsalawo kuti adzathandize mnzake. Wodzipereka akangodutsa pakhomopo n'kupempha kuona paketi, zimenezi zimachepa.

Mayendedwe ndiye pamene anthu ambiri amafera. Ambulansi ya boma imaitanidwa ndi chipatala chaching'ono kuti itengere wodwala kuchipatala chachikulu, ndipo imatumikira zipatala zingapo, choncho kuchoka m'mudzi kufika kuchipatala chaching'onocho ndi udindo wanu. Gwirizanani ndi akabaza a njinga zamoto atatu odalirika, mtengo wa usana ndi wa usiku mugwirizaniretu pamaso pa amfumu, manambala awo alembedwe pa kiliniki, kutchalitchi ndi kumzikiti. Pakhale thumba la mayendedwe pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, msungichuma wina, wolemba m'buku wina, kuti wakabaza azilipidwa m'mawa mwake ngakhale banjalo lilibe kanthu. Mukangomukongola kawiri, ulendo wachitatu foni yake idzakhala yozima. Thumbali lisadalire ku Joni kokha. Nthawi yokolola khomo lililonse lizisonkha ndowa ya chimanga, mtedza kapena soya. Ambulansi ya njinga ndi yabwino pamalo athyathyathya, koma ikhale ndi woisunga, pampu ndi machubu apadera, ndipo isadzanyamule maliro kapena matumba a feteleza. Ikangonyamula maliro kamodzi, odwala amayamba kuikana.

Kwa amayi oyembekezera, mtsinje umene mwanenawo asadzauwoloke matenda atayamba kale. Mayi apite ku chidikiro, malo odikirira kuchira pa chipatala, mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba, makamaka ngati tsiku lake lagwa pakati pa Disembala ndi Malichi, ngati ndi mimba yoyamba, ngati anang'ambidwapo kapena akuyembekezera mapasa. Chimene chimawaletsa kawirikawiri si umbuli ayi. Ndi ufa wokadya kumeneko, wosiyira ana, ndi munda wosapalira. Thumba lija likagula ufa, nyemba ndi nkhuni, achinyamata n'kukapalira munda wa mayiyo, adzapita. Kutaya magazi, mutu waukulu ndi kuona zachizimezime, kutupa nkhope ndi manja, nsupa kusweka nthawi isanakwane, kapena mwana kusiya kusewera m'mimba, zonsezi sizidikira kucha. Azamba boma linawaletsa kubereketsa mu 2007, ndipo ngakhale chiletsocho chinafewetsedwa mu 2010, ndondomeko ikadali yoti mayi azichilira kuchipatala. Musawatayire kunja, amayi amawakhulupirira, akhale operekeza. Za chindapusa cha mbuzi kwa wochilira pakhomo, ife sitigwirizana nazo: mayi amene wachilira panjira amabisala poopa mbuziyo, pomwe iye ndi khanda amayenera kuonedwa kuchipatala maola 24 asanathe. Ngati chipatala chapafupi ndi cha mishoni, funsani ngati chili pa mgwirizano wa CHAM ndi boma, chifukwa kumene mgwirizanowu ulipo amayi oyembekezera salipira.

Poti ndi mudzi wa alimi, ngozi za kumunda aziphunzire bwino. Womwa kapena kudzithira mankhwala opopera mbozi kapena osungira chimanga: m'vuleni zovala, m'sambitseni ndi sopo, mumugoneke cham'mbali, musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta, ndipo botolo lake lipite nawo kuchipatala. Malovu ambiri, thukuta ndi mboni za m'maso kuchepa ndi chizindikiro chakuti poizoni walowa kwambiri. Wolumidwa ndi njoka asatemedwe mphini, asayamwidwe pabalapo, asamangidwe lamba wothina. Muvuleni mphete ndi zibangili, mwendowo muumangire ku kathabwa kuti usagwedezeke, mumunyamule, asayende yekha. Wolumidwa ndi galu atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, apite tsiku lomwelo kukalandira katemera wa chiwewe, chifukwa chiwewe chikaonekera sichichizika. Bala la khasu kapena chikwanje litsukidwe, lipsinjidwe ndi nsalu yoyera, osathira dothi kapena fodya, ndipo akafunse za katemera wa kafumbata.

Odzipereka ambiri amasiya dzinja, nthawi yomwe malungo achuluka, chifukwa nawonso ali ndi minda ndi maganyu. Musawalonjeze malipiro a mwezi amene simungakwanitse zaka zitatu, pakuti mwezi umene ndalama zidzalephere kubwera ntchito idzaimanso. Agulireni zogwirira ntchito: majombo, malenikoti, matochi, matemometa, mayunitsi, buku lolembamo ndi njinga imodzi kapena ziwiri za gulu. Makina oyezera BP amabatire ndi abwino, bola aphunzire kuyeza munthu atakhala pansi mphindi zisanu, ndipo opezeka ndi 140/90 kapena kuposa atumizidwe, mayi woyembekezera tsiku lomwelo. M'mafoni mwawo musungidwe nambala yaulere ya Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, a HSA akupatsani. Ndipo auzidwe mosapsatira kuti woulula matenda a munthu pa chigayo kapena pa bawo, makamaka za ma ARV, achotsedwa tsiku lomwelo.

Mukadzafuna kubweretsa madokotala odzipereka kwa tsiku limodzi kapena awiri, pemphani chilolezo kwa a DHO, ochokera kunja alembetse ku Medical Council asanabwere, ndipo chilichonse chilembedwe m'buku la kuchipatala la wodwala. Kumupatsa gogo mankhwala a BP a mwezi umodzi popanda kumulumikiza ndi chipatala chake n'kungomusokoneza.

Zokambirana ndi amfumu ndi a DHO muyambe anthu akangokolola, Meyi kapena Juni, kuti nyumba ikhale itafoleredwa, akabaza atagwirizana nanu ndi maphunziro atachitika mvula ya Novembala isanagwe.