Kodi wotsutsa nkhondo ndi mdani wa asilikali?

FUNSO: Akonzi, ine ndine mphunzitsi kuno ku Mzuzu, kumene asilikali a ku Moyale timakumana nawo pamsika ndi kutchalitchi. Mnzanga wa kuntchito akuti pamene America inalanda dziko la Iraq, chipani cha Republican ndicho chinaima ndi asilikali, ndipo cha Democratic chinawataya. Kodi zimenezi n'zoona? Kodi munthu angathe kudana ndi nkhondo koma n'kumafunira zabwino asilikali amene akuimenya? Wowerenga wa ku Katoto, Mzuzu.

YANKHO: Zikomo aphunzitsi. Anzanuwo akubwereza zimene a Republican ankanena pamisonkhano yokopa anthu, koma mavoti a m'Nyumba ya Malamulo ya ku America akusonyeza kuti nkhaniyi sinali yophweka choncho.

Mu Okutobala 2002 aphungu anapatsa Pulezidenti George W. Bush, wa chipani cha Republican, chilolezo chomenya nkhondo. M'nyumba ya Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za aphungu kumeneko, ovomera anali 77 ndipo okana anali 23, ndipo mwa ovomerawo munali a Democratic 29, kuphatikizapo John Kerry ndi Hillary Clinton. M'nyumba inayo, ya House of Representatives, a Democratic 126 anakana, pamene a Republican okana anali 6 okha. Nkhondo inayamba mu Malichi 2003, boma la Saddam Hussein linagwa mu Epulo, ndipo ngakhale ulamuliro unabwezedwa kwa eni dziko mu Juni 2004, asilikali a America anakhalabe komweko mpaka Disembala 2011.

Mkangano weniweni unagona pa ndalama. Asilikali akangotumizidwa kunja, wowalamula ndi pulezidenti, ndipo mphamvu yaikulu imene imatsala m'manja mwa aphungu ndi yovomereza kapena kukana bajeti. Vuto n'lakuti ndalama zopitirizira nkhondo ndi zomwezonso zimene zimagulira msilikali chakudya, mankhwala, mafuta a galimoto ndi chovala chotchinga zipolopolo, kotero kuti phungu wofuna kuimitsa nkhondo pokana ndalamazo amaoneka ngati wamana chakudya mwana wa eni ali pakati pa adani. Kerry anakana bilu ya madola 87 biliyoni mu 2003, ndipo pa chisankho cha pulezidenti cha 2004, pamene ankapikisana ndi Bush, a Republican anamukhomerera ndi voti imeneyi mpaka Kerry analuza.

A Democratic nawo anali ndi poima. Ankati kuthandiza msilikali ndiko kum'patsa zida zokwanira, ndiponso kum'bweza kwawo ngati nkhondoyo ilibe mutu. Mu Disembala 2004, ku Kuwait, msilikali wina anafunsa nduna ya zachitetezo Donald Rumsfeld pagulu kuti n'chifukwa chiyani iwo akufukula zitsulo kudzala kuti atchingire magalimoto awo ku mabomba. Chaka chotsatira phungu wa Democratic John Murtha, amene anamenya nawo nkhondo ya ku Vietnam komanso anavomera nkhondo ya Iraq poyamba, anapempha kuti asilikali achotsedwe, ndipo munthu wotere kunali kovuta kumutcha wamantha.

A Democratic atapambana nyumba zonse ziwiri mu Novembala 2006, anavomereza ndalama za nkhondo koma n'kuikamo nthawi yoyambira kuchotsa asilikali. Bush, amene anali atangolengeza kuti akuwonjezera asilikali oposa 20,000, anakana kusainira biluyo pa 1 Meyi 2007, ndipo mwezi usanathe aphungu anapereka ndalamazo popanda nthawi ija. Apa ndi pamene mfundo ya anzanu ikugwera: chipani chimene akuti chinataya asilikali chinali ndi mphamvu yotseka thumba, koma sichinayerekeze.

Taonaninso za ku Britain. Kumeneko amene anatsogolera dziko kunkhondo anali Tony Blair wa chipani cha Labour, chimene pa mfundo zambiri chimafanana ndi cha Democratic. Pa 18 Malichi 2003 aphungu 139 a chipani chake chomwe anamuukira, nduna Robin Cook anali atatula pansi udindo, a chipani cha Liberal Democrat anakana, ndipo chipani chotsutsa cha Conservative ndicho chinaima naye. Kwa ine izi zikusonyeza kuti mawu akuti "tithandize asilikali athu" amathandiza kwambiri amene ali m'boma, chifukwa amasandutsa funso lofunsa andale kukhala ngati chipongwe kwa asilikali. Msilikali sasankha nkhondo, amamvera lamulo, ndipo woyenera kuyankha za asilikali a America pafupifupi 4,500 ndi a Britain 179 amene anafera ku Iraq, osanenanso za anthu ochuluka a ku Iraq komweko, ndi amene anawatuma.

Pokambirana ndi anzanuwo musasakanize nkhaniyi ndi ya asilikali athu ku DRC, poti iwo anapita kukasungitsa mtendere pansi pa United Nations ndi SADC, boma la dzikolo litavomera. Komabe funso la nthawi yobwerera linatipeza nafenso: asilikali athu atatu ataphedwa pomenyana ndi zigawenga za M23 mu Januwale 2025, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analamula mu Febuluwale kuti akuluakulu a asilikali ayambe kukonzekera zowabweza kumudzi.